Kodi 7 wa MSCE ndi wofanana ndi 7 wa ku South Africa kapena ku England?

Nachisale:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mwana akabwera kuchokera ku Joni ndi satifiketi yodzaza ma 7, kuno amamuwerengera bwanji? Nanga wa MSCE akapita kunja, ma 1 ndi ma 2 ake amawamvetsa?

Aphunzitsi Gondwe:
Mayi, nambala ndi yomweyo koma tanthauzo ndi lina. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass chabe, 9 ndiye kulephera. Mapointi timaphatikiza maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino, ndipo akachepa mpamene zili bwino. Ku South Africa ndi chobwerera: pa mayeso omaliza sekondale, Level 7 ndi malikisi 80 mpaka 100, Level 4 ndi 50 mpaka 59, Level 1 ndi osafika 30. Ku England, pa mayeso a sekondale a GCSE kuyambira 2017 pamwamba ndi 9, ndipo 7 ali ngati A wakale. Choncho 7 amene kuno amaliritsa mwana, kumeneko amamuphera nkhuku.

Mayi Chirwa:
Pamene pamapweteka ana athu ndi pamalire a 6 ndi 7. Taonani mwana uyu: Biology 2, Masamu 2, Chemistry 3, Physics 3, Agriculture 3, Geography 4, Chingerezi 7. Mapointi ake ndi 17, satifiketi ali nayo, koma mayunivesite a boma amafuna ma credit 6 kuphatikizapo Chingerezi. Watsala. Mnzake wa mapointi 26 wokhala ndi 6 pa Chingerezi angathe kufunsira malo. Ndiye makolo musamangofunsa kuti “mapointi angati?” Funsani giredi ya Chingerezi, ndiponso ya maphunziro amene kosi yake ikufuna. Zikakhala chonchi, mwana alembenso Chingerezicho.

Che Jafali:
Za kunjazo, vuto limayambira pafomu. Mwana amalemba “1” m'kabokosi osafotokoza, wowerenga kumeneko n'kuyesa kuti walephera. Tumizani satifiketi ya MANEB pamodzi ndi mafotokozedwe a magiredi, ndipo musasinthe nokha 2 kukhala A. Ku South Africa mapepala akunja amaunikidwa ndi bungwe loona za masatifiketi la SAQA. Dziwaninso kuti MSCE ambiri amaiyika pa mlingo wa O-Level, motero ngakhale mapointi 6 sangakulowetseni mwachindunji digiri ku England popanda A-Level kapena chaka cha foundation. Wobwera ndi IGCSE (GCSE yolembedwa m'mayiko osiyanasiyana) kuno, C ndiye amawerengedwa ngati credit, D ayi.