Za mitengo yobwerekera galimoto ija: zomwe ndapeza

Masiku apitawo ndinafunsa ngati kukwera kwa mitengo yobwerekera galimoto kumene kunachitika mu 2021 kunali kudyera anthu masuku pamutu. Ndafufuzako ndithu.

Gwero lake ndi mliri wa Covid-19. Mu 2020 maulendo ataima, makampani obwereketsa magalimoto anagulitsa magalimoto awo ambiri kuti apeze ndalama. Hertz, imodzi mwa makampaniwa, inafika pokapempha chitetezo kukhoti ku America mu Meyi 2020, ngongole zitaikulira. Anthu atayambiranso kuyenda mu 2021, magalimoto atsopano anali osowa chifukwa mafakitale analibe tizipangizo takompyuta timene amaika m'galimoto. Obwereka anachuluka, magalimoto n'kuchepa, ndipo makompyuta a makampaniwa amakweza okha mtengo akaona kuti anthu akulimbirana.

Mwalamulo, mlandu ndi wovuta kuupeza. M'zigawo zambiri za ku America, malamulo oletsa kukweza mitengo mopyola muyeso amagwira ntchito pokhapokha boma likalengeza kuti kwagwa tsoka, monga mphepo yamkuntho.

Chomwe sindikugwirizana nacho ndi ndalama zimene zimatulukira pa kauntala: inshuwalansi yokakamiza, msonkho wa pabwalo la ndege, mafuta a mtengo wawowawo. Musanasaine, auzeni akulembereni mtengo wonse pamodzi.