Ndani anafikako ku Parque de la Memoria?

Moni nonse, abale ndi alongo. Mwezi wamawa ndikakhala ku Buenos Aires masiku awiri okha, ndipo ndikufunitsitsa kukaona Parque de la Memoria, paki ya m'mphepete mwa Río de la Plata yokumbukira anthu amene boma linawapha kapena kuwasowetsa, makamaka mu ulamuliro wa asilikali wa 1976 mpaka 1983. Mayina awo analembedwa pamakoma motsatira chaka chimene munthuyo anasowa, pamodzi ndi zaka zake zakubadwa.

Vuto langa ndi lakuti Chisipanishi sindichidziwa ngakhale pang'ono. Ndafufuza pa intaneti, ndafunsanso kuhotela kumene ndikafikire, koma mayankho akungosemphana. Kodi alipo amene amayendetsa alendo m'Chingelezi, nanga amalola kusiya maluwa m'munsi mwa khoma?