Khofi wa ku Brazil ndi wabwino kapena ndi wongochuluka?

Tadala_K: Abale tandithandizeni. Brazil ndi amene amalima khofi wambiri dziko lonse lapansi koma anzanga odziwa khofi amangomunyoza, ati ndi wongodzazira m'mablendi (khofi wosakaniza mitundu) basi. Paketi ina yolembedwa Santos inkakoma ngati chokoleti ndi mtedza, osawawasa ayi, koma ina ya ku Brazil komweko kafungo kake ngati mankhwala a kuchipatala. Vuto ndi mbewu, nthaka kapena okazinga?

Mkazinga77: Asisi, Santos si munda, ndi doko lomwe khofi amakwerera sitima, ndiye dzinalo silikukuuzani zambiri. Funani dera. Pafupifupi theka la khofi wa dzikolo amachokera ku chigawo cha Minas Gerais, madera ngati Sul de Minas ndi Cerrado Mineiro, ndipo minda yambiri ili pa mamita 800 mpaka 1,300, si pamwamba kwenikweni poyerekeza ndi ku Ethiopia kapena Colombia, ndiye zipatso zimapsa msanga ndipo kuwawasa kumachepa. Chinanso ambiri amayanika chipatso chonse ndi khungu lake lomwe osatsuka, poti nthawi yokolola, Meyi mpaka Seputembala, mvula imakhala itadula ku Cerrado. Njere youma chonchi imasunga shuga wa glucose ndi fructose wambiri kuposa yotsukidwa, khofi wake amakhala wolemera mkamwa, n'chifukwa chake opanga espresso samusiya.

Bambo_Conilon: Za fungo la mankhwalazo eni ake ali nalo dzina, amati rio, likachepako amati riado, ndipo polawa amaika magiredi kuyambira lapamwamba kwambiri la estritamente mole, kenako mole, duro mpaka kutsikira ku rio zona komwe ndi kotsikitsitsa. Chimanunkhacho ndi mankhwala otchedwa trichloroanisole, yemweyo amene amaononga vinyo kudzera pa chitsekerero cha botolo, ndipo amabwera ndi chuku zipatso zikagonera pansi pa chinyezi kapena zikaunjikidwa zisanaume. Tsono taganizani kakololedwe kake, makina amagwedeza mtengo, kapena munthu amangopulula nthambi yonse kamodzi, zofiira zobiriwira zouma zonse mulu umodzi. Amene ali ndi makina osankhira amapatula zoyandama m'madzi ndi zosapsa, amayanika mpaka chinyezi chifike 11 kapena 12 peresenti, khofi wake amatuluka bwinobwino. Amene sasankha ndiye timamwa njere zakuda, zobiriwira ndi zosasa zija, wokazinga n'kupsereza dala kuti abise. Ndiye ine ndimati mlandu uli pa bwalo loyanikira, nthaka musaiipitsire mbiri.

Tadala_K: Zikomo bambo. Nanga kuwawa kwambiri kuja kwa khofi wosungunula, nakonso n'chuku?

Bambo_Conilon: Ayi mayi, ameneyo nthawi zambiri ndi robusta, mtundu wina wa khofi wosiyana ndi arabica yemwe timakamba uja, ku chigawo cha Espírito Santo amamutcha conilon, ku chigawo cha Rondônia amalimanso. Caffeine wake ndi pafupifupi 2.2 peresenti pomwe arabica ndi 1.2, ma asidi a m'njere otchedwa chlorogenic acid ndi ambiri, shuga ndi mafuta n'zochepa, ndiye kuwawa ndi chibadwa chake. Koma amapirira kutentha, ndipo pa khofi wosungunula amatulutsa zambiri pa kilo.

nyamazi_wa_espresso: Anzanu onyozawo muwauze kuti Cup of Excellence, mpikisano wa khofi wabwino womwe amautamawo, unayambira ku Brazil mu 1999 kkkk. Komanso akamadandaula mtengo aziyang'ana nyengo ya kumeneko, chisanu cha Julayi 1975 chinapsereza minda ya ku chigawo cha Paraná mpaka ulimi wambiri unasamukira ku Minas Gerais, cha Julayi 2021 nachonso chinakweza mitengo paliponse.

Mkazinga77: Pogula onani ngati alemba dera, mtundu wa mbewu ngati Catuaí, Mundo Novo kapena Yellow Bourbon, ndi kayanikidwe. Akalemba cereja descascado ndiye kuti anachotsa khungu n'kuyanika njere ndi zonanda zake, zosapsa zambiri zimatsalira pa makina osendera poti n'zolimba, kwa inu odana ndi kafungo kaja yambani ndi ameneyo.