Kodi kufuna kukwera m'moyo n'kusakhutira ndi Mulungu?

Wanjinga wa ku Kapata:
Abale, ndithandizeni maganizo. Ndimapalasa njinga, kunyamula anthu ndi matumba kuchokera pamsika wa Kapata kuno ku Chipata kupita ku Mchini ndi ku Nabvutika. Mawondo ayamba kudandaula, ndipo makasitomala masiku ano amathamangira a honda, njinga zamoto zija. Ndasungako pang'ono m'chilimba, tsono ndikufuna kugulitsa ng'ombe ziwiri zimene agogo anandisiyira kuti ndikwanitse honda yangayanga. Atate, amene ndi mkulu wa mpingo kumudzi, akana kwamtuwagalu. Akuti mtima wosakhutira ndiwo khomo la Satana, ndiyamike chimene ndili nacho. Koma feteleza wa FISP akachedwa, atate omwewo ndiwo amayamba kundiimbira foni. Ndiye ndikhutire bwanji, pamene anthu asanu ndi atatu akudya m'miyendo yangayi? Kapena ndine wadyera osadziwa?

Amayi a ku Katete:
Mwanawe, atate ako sakuopa Satana ayi, akuopa khola lopanda kanthu. Sanganene choncho chifukwa mwamuna wamkulu savomera mantha pamaso pa mwana wake, ndiye amabisala kumbuyo kwa mawu a m'tchalitchi. Kumbuka chilala cha 2024, chimanga chitauma chisanabereke, mpaka boma kulengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Kwathu kuno amene anali ndi ng'ombe ndiwo anapulumuka. Anagulitsa imodzi nagula ufa, ena ankabwereketsa ngolo. Honda ikagwa pa Great East Road, udzagulitsa chiyani? Pita ukakhale nawo pansi madzulo, popanda alamu ako pafupi, uwafunse chimene chikuwadetsa nkhawa. Vesi usayambe nayo.

Mngoni wa ku Mtenguleni:
Amayi, mwanena zoona, koma ine mawu akuti "khutira" ndatopa nawo. Mawuwa amauza osauka okha. Munamvapo munthu akuuza mwini sitolo ku Down Shops kuti akhutire, asatsegule ina? Amamupatsa mpando wakutsogolo pa tsiku la zopereka! Makolo athu akanakhutira sakanawoloka Zambezi mu 1835, ndipo bwenzi kulibe Nc'wala imene timavina mwezi wa February. Ngakhale amishoni amene anayamba mpingo ku Magwero mu 1899 anasiya kwawo. Achimwene, gulani honda. Chokhacho, kaloba musamuyandikire.

Mlongo wanu ku Lusaka:
Ine ndinachoka ku Chipata ndili ndi njala yomweyi. Ndalama ndinaipeza, sindinama. Chimene sanandiuze n'chakuti njalayo imakula pamodzi ndi thumba. Ndili ndi sitolo imodzi ndinkagona tulo, pano ndili ndi ziwiri ndimadzuka usiku kuwerengera za wantchito amene ndikumukayikira. Walira mvula walira matope. Sindikukuletsani, koma dziwiranitu pamene mudzati "basi", chifukwa mukagula honda mudzayamba kuona ma Corolla a anzanu.

Wanjinga wa ku Kapata:
Zikomo nonse. Amayi a ku Katete, mwandikumbutsa kuti ng'ombe imodziyo ndi yaikazi, ndipo ili ndi bere. Imeneyo siikhudzidwa. Ndikapempha atate kuti tigulitse yamphongo yokha tikakolola nshawa, chotsalacho ndidikire ulendo wanga wa chilimba. Funso lina: honda yogwirapo kale ntchito, ndi bwino kugula kuno kapena mapepala a zochokera kumalire a Mwami amavuta?