Tulo tathawa chifukwa cha zokonzekera Khirisimasi, mumatani anzanga?

Wosowatulo:
Abale ndithandizeni. Disembala wangoyamba kumene koma ine tulo ndiye tathawiratu. Ndikangoti ndigone mutu umayamba kuwerengera, alendo adzagona pati, mphatso za ana, ndalama zikwana kapena ayi, mpaka kunja kumacha ndili maso. Kuntchito ndikumangosinza. Inu mumatani?

Mayi wa atatu:
Pepani asisi, ine zinandichitikirapo. Chomwe chinandithandiza nkulemba, madzulo ndisanalowe kuchipinda ndimatenga pepala nkulemba zonse zomwe zikundizunguza mutu ndi tsiku loti ndidzapange chilichonse, ndiye usiku maganizo aja akayamba ndimangodziuza kuti zili papepala, ndiziona mawa. Komanso gawani ntchito, osasenza zonse nokha ayi, pakhomopo aliyense agwireko yake.

Kadzidzi:
Khofi ndi tiyi wamadzulo musiye kaye, muli kafeini yemwe amathawitsa tulo, ndipo amatenga maola 5 kapena 6 kuti theka lake lokha lichoke m'thupi. Foni ikhale patali, kumangoyang'ana nthawi 2 koloko usiku kumawonjezera nkhawa. Mukaona kuti padutsa mphindi ngati 20 tulo osabwera dzukani mukhale pampando, osayatsa getsi lowala kwambiri, mubwerere pabedi mukayamba kusinza. M'mawa muzidzuka nthawi imodzimodzi olo mwagona mochedwa.

Anganga:
Mwanawe, usakongole chifukwa cha masiku awiri okha, ana amasangalala ndi zochepa zomwe. Koma mtima ukamagunda kwambiri kapena zikapitirira zikondwerero zitatha pita kuchipatala, mapiritsi ogonetsa osamangogula wekha.

Wosowatulo:
Zikomo nonse, zapepalazo ndiyamba lero lomwe. Foniyo usiku uno igona pabalaza.