Kodi chipembedzo ndi ndale n'zimene zimatsegula dzanja la munthu?

Wofunsa:
Abale, ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikupereka chakhumi mokhulupirika, ndipo ndinkadziona kuti ndine woolowa manja. Posachedwapa mnzanga wina amene sapemphera n'komwe anandifunsa kuti pa ndalama zonsezo ndi zingati zinafikadi kwa munthu wosauka, ndipo ine ndinasowa chonena. Iyeyo amati kusamalira ovutika ndi udindo wa boma kudzera m'misonkho, komabe ndi yemweyo amene anachezera usiku wonse kuchipatala, atakhala pampando, akudikirira mnansi wake wodwala amene analibe wachibale. Kodi kupemphera kumamusandutsadi munthu kukhala wopatsa? Nanga ndale zimalowapo bwanji?

Bambo wachisilamu:
Mayi, chimene chipembedzo chimapereka ndi muyeso ndi nthawi, pakuti mtima wachifundo umapezeka mwa anthu onse koma umaiwala msanga. Kwa ife Asilamu, zakaat ndi imodzi mwa nsichi zisanu za chipembedzo, ndipo munthu amene chuma chake chafika pa mlingo wotchedwa nisab n'kukhala nacho chaka chathunthu amapereka 2.5 peresenti. Qur'an, pa sura 9 ndime 60, imatchula magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira, kuyambira osauka mpaka omangika ndi ngongole ndiponso apaulendo, choncho funso la mnzanuyo lakuti ndalama zapita kuti linayankhidwa kale. Sindidabwa kuti pa kafukufuku wa World Giving Index, woyerekeza kupatsa kwa anthu a m'mayiko osiyanasiyana, dziko la Indonesia, lomwe lili ndi Asilamu ambiri, linakhala patsogolo zaka zingapo zotsatizana, ndipo m'mbuyomo kunali Myanmar kumene Abuda amazolowera kupereka kuyambira ali ana. Chizolowezi n'chimene chimagwira ntchito pamenepa.

Mphunzitsi wopuma:
Ndikuvomereza, koma tisaweruze mnzawoyo mofulumira. Pa ndale anthu amasiyana pa njira yothandizira, osati kwenikweni pa chifundo. Ena amakhulupirira kuti munthu azipereka yekha kumene wasankha, boma lisamulande zambiri. Ena amati umphawi ndi waukulu kwambiri moti sungasiyidwe m'manja mwa anthu akufuna kwabwino, choncho amavomera kudulidwa msonkho wokwera. Mu 1970 bungwe la United Nations linagwirizana kuti mayiko olemera azipereka 0.7 peresenti ya chuma chimene amapeza pachaka kuthandiza mayiko osauka, ndipo ena mwa ochepa amene afikapo pa mlingowu ndi Norway, Denmark ndi Luxembourg. Munthu wa kumeneko amene amavotera zimenezi sawerengedwa pa kaundula wa opereka, koma thumba lake limapepuka ndithu. Chimene ine ndimadana nacho ndi kupatsa kwa nthawi ya chisankho, kumene wolandira amaimikidwa patsogolo pa kamera atanyamula mphatso kuti aliyense aone. Kumeneko n'kugula munthu.

Mayi wa m'kwaya:
Mchemwali, funso la mnzanuyo linandigunda inenso. Gawo lalikulu la chakhumi limasamalira nyumba yopemphereramo ndi atumiki ake, zomwe si zoipa, koma tisazisokoneze ndi kudyetsa wanjala. Yesu anatama mkazi wamasiye amene anaponya timakobidi tiwiri, pa Maliko 12, chifukwa anayang'ana zimene zinamutsalira osati zimene anaponya. Mphunzitsi wachiyuda Maimonides, amene anamwalira mu 1204, anasanja kupatsa m'makwerero asanu ndi atatu, ndipo pamwamba penipeni anaikapo kum'patsa munthu ntchito kapena ngongole kuti aime payekha asadzapemphenso. Ine ndinayamba kupatula ndalama ziwiri, ina ya kumpingo, ina yolipirira mwana wamasiye sukulu, ndipo mwanayo sadziwa kuti amamulipirira ndani.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Ndipitiriza chakhumi, koma mawa ndikupita kukamulandira mnzanga uja kuchipatala kuti nayenso akagoneko.