PureSignal ikuyeretsa bwino pa 500W koma ndikatsitsa pawa IMD ikuipa, vuto lili pati?

Kondwani_HF

Moni akuluakulu nonse. Ndili ndi wailesi ya Hermes-Lite 2 yomwe ikudrayiva amp (amplifier) yodzipangira ndekha, ma transistor a MRF300 awiri pa 50V, pa kompyuta ndi pulogalamu ya Thetis. Pa band ya 20m ndikaika two-tone (ma tone awiri oyesera) nkuyatsa PureSignal (mbali ya Thetis yokonzeratu signal isanafike ku amp kuti ituluke yoyera) pa 500W zinthu zimakhala bho, IMD3 (ma signal osafunika amene amp imapanga m'mbali mwa ma tone awiriwo) imachoka cha m'ma -30 dBc kufika kupitirira -50, mapewa a IMD aja pa panadapter (chithunzi cha signal pa sikirini) amagweratu pansi. Tsono magetsi akathima ndimadalira batire ndi inverter ndiye ndimatsitsa drive mpaka cha m'ma 50W, apa ndi pomwe zikundizunguza mutu, mapewa amabwerera ndipo nthawi zina amakhala oipa kuposa PureSignal ili off, kabokosi ka mu Thetis koonetsa feedback (sample ya zotuluka mu amp yobwerera ku wailesi) kamasanduka kofiira. Ine ndimadziwa kuti amp ikakhala kutali ndi compression imakhala linear, nanga ikuipiranji pa pawa yochepa? Ndithandizeni chonde, sindikufuna kumawazira splatter (phokoso lotayikira pa ma frequency oyandikana) anzathu pa band.

Thoko_RF

A Kondwani, kabokosi kofiirako kakuuzani kale theka la yankho. Kuchoka pa 500W kufika pa 50W ndi 10 dB, ndiye sample yochokera ku coupler yatsikanso ndi 10 dB yomweyo, software ikuona kuti feedback yachepa ndiye sikupanga calibration yatsopano, ikungopitiriza ndi tebulo lakale lokonzera signal. Ndipo tebulo lakalelo ndi limene likukuwonongerani.

Tebulo limenelo silidziwa ma watt. Limangodziwa kukula kwa signal ya digito kuyambira 0 mpaka 1. Pomwe munapanga calibration, 1 amatanthauza 500W, pamene ma transistor ayamba kufinyika, gain yatsika ndipo phase yapotoka, ndiye tebulo linaphunzira kuti nsonga zizikwezedwa pang'ono ndi kupotoza phase mbali inayo kuti zikatuluka zikhale zowongoka. Mukatsitsa drive, 1 yemwe uja tsopano ndi 50W, amp sikufinyanso nsonga koma software ikuzikwezabe. Zili ngati telala kusokera mwana zovala pa miyeso ya bambo ake. Ndiye distortion imene mukuyiwonayo yambiri mukuyipanga nokha mu kompyuta isanafike nkomwe ku amp, nchifukwa chake off ikuoneka yabwinoko.

Chotsani attenuation ya feedback ndi 10 dB yomweyo, kapena yatsani auto-attenuate, kabokosi kakhale kobiriwira, muwone.

Gogo_Valve

Mwana wanga Thoko wanena zoona koma ndiwonjezereko, chifukwa maganizo oti pawa yochepa ndiye linear basi amagwira bwino pa class A. Amp yanuyo ndi class AB push-pull. Signal ikakhala yaing'ono imakhala nthawi yambiri pafupi ndi pamene transistor imodzi ikusiyira inzake, ndipo ngati Idq (current ya bias pamene palibe signal) ndi yochepa gain ya pamenepo imakhala yotsika kuposa ya pakati. Ndiye mukajambula IMD3 kuyambira pansi mpaka pamwamba simupeza mzere wowongoka wa m'mabuku uja woti 1 dB pa drive ndi 3 dB pa IMD3, mupeza zigwa ndi zitunda, pena pabwino pena poipa, ndipo malo ake amasuntha mukangogwira bias.

Kenako kutentha. Pa 500W copper spreader imatentha, threshold ya ma transistor anu a LDMOS imatsika, Idq imakwera yokha. Pa 50W amp imakhala yozizirirapo ndiye bias ili pena. Ngati mulibe thermistor kapena diode yomata pafupi ndi ma transistor yobweza gate voltage, muli ndi ma amp awiri osiyana m'bokosi limodzi. Yezani Idq m'mawa amp ili yozizira, muyezenso mukangomaliza QSO (macheza a pa wailesi) yaitali, mudzatiuze manambala.

Komanso ine zoti muziyendetsa amp ya 50V pa 50W kuti musunge batire sindikugwirizana nazo. Ngakhale class B ya pa pepala imene imafika 78.5% pa nsonga, mukabwerera m'mbuyo ndi 10 dB imatsala cha m'ma 25%. Batire likungotenthetsa heatsink. Ngati power supply yanu imalola tsitsani drain voltage, pawa imayenda ndi square ya voltage ndiye pa 28V mupeza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a pawa ija ndipo amp ikugwirabe ntchito pafupi ndi nsonga yake. Koma curve isinthanso, calibration ina.

Kondwani_HF

Zikomo kwambiri Gogo ndi a Thoko. Attenuation ndachotsa, kabokosi kabiriwira ndipo mapewa agwa. Thermistor ilipo koma ili pa heatsink osati pa spreader, ndiyisuntha. Funso lina, mu Thetis muli Save ndi Restore, sindingangosunga tebulo la 500W, la 150W ndi la 50W nkumangosankha, osamadalira feedback nthawi zonse?

Chisomo_BTS

Achimwene funso lanulo ndi lomwe ife a ma tower a mafoni timalimbana nalo tsiku ndi tsiku, kungoti kwathu palibe munthu wogwira drive, pawa imasintha yokha malingana ndi anthu amene ali pa netiweki, usiku pakati sector ili phee kenako m'mawa aliyense wadzuka ndi WhatsApp. Ndipo 3GPP (bungwe loika malamulo a ma netiweki a mafoni) imafuna ACLR (muyeso wa signal yotayikira mu channel yoyandikana) ya 45 dB pa base station ya LTE kaya traffic ndi yochuluka kaya ayi.

Kusunga ma set angapo a ma coefficient malingana ndi average power ndi njira yodziwika ndithu, ma DPD (digital predistortion, gulu lomwe PureSignal ilimo) ambiri amatero, ena amapanga interpolation pakati pake. Koma amakhala poyambira chabe, loop imapitirizabe kuphunzira. Chifukwa chake ndi memory, zomwe amp ikutulutsa panopa zimadaliranso zomwe yadutsamo posachedwa, kutentha kwa die, ma capacitor ndi ma choke a pa bias, ndipo pa ma transistor a GaN palinso trapping yomwe imasuntha bias kwa kanthawi pambuyo pa nsonga yaikulu. Nchifukwa chake timagwiritsa ntchito memory polynomial m'malo mwa tebulo wamba. Kuwonjezera apo ma amp athu ambiri ndi a Doherty, nzeru ya William Doherty wa ku Bell Labs ya mu 1936, pomwe peaking amp imadzuka signal ikangofika pena pake, mwachizolowezi cha m'ma 6 dB pansi pa nsonga, ndiye curve imakhala ndi chigongono pakati. Average power ikatsika signal imayendera mbali ina ya chigongonocho, ma coefficient a pa full load sangakwane.

Inu muli ndi mwayi, SSB ndi 3 kHz basi ndipo LDMOS ilibe vuto la trapping ngati GaN, ndiye tebulo losunga litha kukuthandizani ndithu. Ine komabe feedback sindingayizime.

Thoko_RF

Ndikugwirizana ndi a Chisomo, ndipo pa HF pali china, antenna. Tebulo mwasunga pa dummy load ya 50 ohm, kenako mwalumikiza dipole ya SWR 1.8 (pawa ina ikubwerera kuchokera ku antenna), load line ya ma transistor yasintha, compression ikuyambira pena. Mvula ikagwa zasinthanso, mukapita pa 40m low pass filter ndi ina, gain ndi ina. Mafayilo angachuluke mpaka kusokonezeka nawo. Siyani auto ikhale on, ndipo mukatsitsa drive imbani kaye two-tone kwa masekondi ochepa pa frequency yopanda anthu musanayambe kuitana anzanu ndi CQ. Komanso coupler ikhale directional yeniyeni, osati ka resistor divider, kuti reflected power isalowe mu sample.

Manambala a Idq aja a Gogo akuwadikirabe, musaiwale.